Za Pakhomo Pathu: Mbala Popanda Mbaula

M'mwezi wa Juni ndinatenga chuti ca masiku ocepa ndi kupita kwathu m'boma la Chadiza kukazonda amai ndi kuthandiza kututa cimanga. Ndinakapezako mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ali kuphunzira nchito ya uphunzitsi pa koleji, nayenso atabwera kudzapumula. Caka catha banja lathu linasonkherana kumgulira kompyuta yonyamula m'manja, imene anyamata aicha laputopu. Mai wake anagulitsa matumba a soya ndi nshawa, ambuya ake anapereka mbuzi ziwiri, ndipo ine monga mtsibweni ndinathirapo malipiro anga a mwezi wathunthu. Motero cinthu cimeneci si ca mnyamatayo yekha ai, n'ca mbumba yonse, ndipo cikadwala tibuula tonse.

Tsiku lina madzulo tiri kuotha moto pa mbaula, amai anapenyetsetsa mwendo wa mdzukulu wao amene anabvala kabudula. Pa nchafu ya kumanzere panali mawanga akuda olukanalukana ngati ukonde. "Iwe," anatero amai, "mbala izi wazitenga kuti? Kodi ku koleji kwanuko mbaula mumaikhazika pa nchafu?" Acinyamata a m'tauni mwina sadziwa kuti mbala zimene anali kunena amai si anthu akuba ai, koma mawanga aja amene amatuluka m'miyendo ya nkhalamba zokonda kufungatira moto m'nyengo ya cisanu. Mnyamatayo anayankha kuti moto sauona miyezi yonse ya sukulu. Iye anali kuyesa kuti ndi zipere, ndipo anali atatsiriza kale mankhwala odzola popanda kusintha kuli konse. Mai wake naye anali atayamba kuwerenga pa zala maina a anthu a pamudzi amene sakondwera kuti mwana wake wapita patsogolo ndi maphunziro.

M'mawa mwake mfitiyo ndinaiona ndi maso anga. Mnyamatayo anakhala pa bedi atatsamira cipupa, laputopu iri pa nchafu, kuyambira dzuwa litangotuluka kufikira nthawi ya nsima. Itayamba kumuocha anatenga mtsamiro nauika kunsi kwake. Sipanapite nthawi makinawo anayamba kulira ngati njuci mu mng'oma, kenaka anazima okha, nataya masamba atatu a nkhani imene anali asanaisunge. Amai sanalakwe. Zinali mbala ndithu, ndipo mbaula yake ndi imene tinamgulira ife tomwe.

Ndidziwa kuti ena a inu awerengi mudzati, ife a kumudzi za laputopu zitikhudza bwanji? Koma taonani pamudzi panu pomwepo. Kuyambira mu 2014 phunziro la makompyuta liri m'gulu la maphunziro a ku sekondale, ndipo lero aphunzitsi, alangizi a zaulimi, anamwino a pa kiliniki, alembi a makoparetivu ndi ana athu ophunzira ali panyumba, ambiri ali nazo zinthu zimenezi. Cimene alibe ndi thebulo. Nyumba zambiri ziri ndi thebulo limodzi, lodyerapo alendo, ndipo zina ziribiretu. Pamene pali waya wa sola kawirikawiri ndi kucipinda cogona, pafupi ndi bedi. Tsono miyendo ndiyo imasanduka thebulo. N'cifukwa cake mlungu uno ndafuna kuti tikambirane za kanthu kocepa mtengo koma kopulumutsa zambiri: thabwa kapena kathebulo koika pa miyendo, ndi m'mene tingasankhire koyenera.

Tiyambe ndi makinawo. M'kati mwa laputopu muli kacipangizo kakang'ono kamene kamacita masamu onse, ndipo pogwira nchito kamatentha kwambiri. Kuti kasapse, opanga anaikamo kafani kamene kamakoka mphepo yozizira kudzera m'timabowo ta kunsi ndi kutulutsa yotentha cam'mbali kapena cakumbuyo. Tembenuzani laputopu ya mwana wanu, mudzaona timabowoto, ndiponso mudzaona timiyendo ta mphira m'ngodya zake. Timiyendo timeneti si tokongoletsa. Nchito yake ndi kusiya mpata woti mphepo idzerepo. Pa thabwa lolimba mpatawo umakhalapo, koma pa mtsamiro, pa bulangete, pa matiresi, ngakhale pa citenje copinda, makinawo amamira ndipo timabowo timatsekeka. Amakhala ngati munthu amene ali kuthamanga wina atamgwira mphuno. Poyamba amacepetsa liwiro mwadala kuti azizire, ndipo mwana amayamba kudandaula kuti kompyuta yake yakalamba. Kutentha kukapitirira amazima okha monga anacitira kwathu kuja. Pa nthawi yonseyi kafani kamakhala kali kumeza ulusi wa bulangete ndi pfumbi, zimene zimakaunjikana m'kati. Ziripo laputopu zina zopyapyala zimene ziribe fani, koma nazonso zimataya kutentha kudzera m'thupi lao, motero kuzifunditsa n'kulakwa komweko.

Cimene cimabvutika mwakacetecete ndi batire. Mabatire a laputopu amakalamba msanga akamakhala potentha, ndipo ena amafika potupa. Kwa munthu wa m'tauni amene ali ndi magetsi usana ndi usiku ili lingaoneke ngati bvuto laling'ono, ngakhale kuti cilala ca mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cinaphunzitsa a m'tauni omwe kulemekeza batire. Kwa ife odalira sola, batire ikafa ndiye kuti kuwerenga kwa usiku kwatha. Kumbukiraninso kuti dziko lathu n'lotentha kale. Kampani ya Apple imalangiza kuti laputopu zake zigwire nchito pamalo pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 35, pamene m'cigwa ca Luangwa mwezi wa Okutobala kumapyola madigiri 40. Makina amene ayamba nchito ali kale pa malire sayenera kuonjezeredwa bulangete.

Tsopano za khungu. Madokotala amadziwa bwino mawanga amenewa, ndipo amati amabwera pamene khungu likhala nthawi yaitali, mobwerezabwereza, pa kutentha kwa madigiri 43 mpaka 47. Kutentha kotere sikufika poocha munthu kuti adzidzimuke ndi kucotsa mwendo, n'cifukwa cake amangopirira tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kanthu kali kucitika. Mu 2010 madokotala awiri a pa cipatala ca yunivesite ku Basel, m'dziko la Switzerland, Andreas Arnold ndi Peter Itin, analemba za mwana wa zaka 12 amene anatuluka mawanga otere pa nchafu ya kumanzere cifukwa cosewera pa laputopu maola angapo tsiku liri lonse kwa miyezi ingapo. Nthenda imene ambuya athu anali kuitenga pa moto wa nkhuni, mwana wa ku Ulaya anaitenga pa kompyuta. Mwamwai, munthu akasiya kuika cotenthaco pa khungu mawangawo amazimirira pang'onopang'ono, ngakhale kuti amene akhalitsa angathe kutsalira. Pakaoneka matuza kapena cironda cosapola, pitani naye ku cipatala, musadikire.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuinena mwaulemu, pakuti nyuzipepala ino imawerengedwa pabwalo pali apongozi. Mbeu ya mwamuna imapangika bwino pamalo pozizirako pang'ono kuposa thupi lonse, ndipo n'cifukwa cake Namalenga anaika ziwalo zake kunja. Mu 2005 Dokotala Yefim Sheynkin ndi anzake a pa yunivesite ya Stony Brook ku New York anafalitsa zimene anapeza atayesa amuna 29. Atakhala ola limodzi laputopu iri pa miyendo, kutentha kwa pamalopo kunakwera ndi madigiri oposa awiri ndi theka. Codabwitsa n'cakuti kungokhala cabe nchafu zitaphatikana, popanda laputopu, kunakweza kutenthako ndi madigiri awiri. Mu 2011 anafalitsanso kafukufuku wina, ulendo uno ataika cochinga pakati pa makina ndi miyendo, ndipo anapeza kuti cochingaco pa cokha sicinathandize kweni-kweni. Popanda cochinga kutentha kunakwera ndi digiri imodzi pa mphindi 11, ndi cochinga pa mphindi 14, koma pamene amunawo anakhala motangadza miyendo zinatenga mphindi 28.

Ndisakunamizeni. Madokotalawa anayesa kutentha, sanawerenge ana obadwa, tsono pasapezeke wina wothetsa ukwati cifukwa ca nkhani ino. Koma phunziro lake pa kusankha thabwa n'lalikuru, ndipo ogulitsa m'masitolo sadzakuuzani. Munthu woika laputopu pa miyendo amaphatika maondo kuti isagwe. Kathabwa kakang'ono kolingana ndi makinawo sikamcotsera ukapolo umenewu. Thabwa lothandiza ndi lalikuru m'mimba mwake, loti likhale pa nchafu zonse ziwiri ngakhale munthu atatangadzako pang'ono, mphepo n'kumapita pakati.

Za khosi ndiye amai athu angatiphunzitse bwino koposa mabuku. Mzimai amasenza cigubu ca malita 20, cimene ndi makilogalamu 20, kucokera ku dirawo kufika pakhomo, cifukwa amayenda mutu uli ciriri pa nkhata ndipo katunduyo amatsikira m'msana molunjika. Muuzeni kuti awerame ali cisenzere muone ngati adzafika. Mutu wa munthu wamkuru umalemera makilogalamu ngati 5. Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera kuti mutu ukawerama ndi madigiri 30 khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 18, ndipo ukawerama ndi madigiri 60 limamva ngati 27. Awa ndi masamu a pa pepala, koma ali yense amene anakhalapo tsiku lonse ali kusankha nshawa pa mphasa adziwa kuti sali kutali ndi coonadi. Bvuto la laputopu n'lakuti galasi loonerapo ndi mabatani olembera n'zolumikizana. Mukaikweza kuti ifanane ndi maso, manja amalendewera m'mwamba ndipo mapewa amatopa. Mukaitsitsa kuti manja apumule, khosi limawerama. Thabwa silingathetse mkangano umenewu, lingangoucepetsa pokweza makinawo masentimita angapo ndi kupendeketsa kumbuyo kwake.

Nditabwerera kuno ku nchito ndinayenda m'masitolo kuona zimene agulitsa. Ndinapeza mitundu iwiri. Wina ndi thabwa la pulasitiki kapena la nsungwi lokhala ndi kamtsamiro kunsi, loika pa nchafu. Wina ndi kathebulo ka miyendo yaifupi yopinda, koti munthu alowetse miyendo yake kunsi ali khale pa bedi kapena pa mphasa. Kwa anthu a kumudzi ine ndikonda wa ciwiriwu, ndipo cifukwa cake n'coonekeratu: kulemera konse kumapita pansi, nchafu sizikhudzana ndi kanthu, ndipo munthu angatembenuze miyendo m'mene afunira. Kuipa kwake n'kwakuti sungagwire nchito munthu atakhala pa mpando, ndipo pa matiresi ofewa umagwedera. Mukafuna kugula wotere, khalani pansi m'sitolo momwemo ndi kuuyesa, pakuti ambiri anapangidwira anthu a nchafu zazing'ono. Ukanikizeni pakati ndi dzanja, ndipo yang'anani mfundo zopindira, cifukwa za pulasitiki ndizo zimayamba kuthyoka. Manyazi asakugwireni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndinaonanso ena okhala ndi timafani toyendera magetsi a laputopu yomweyo, ena ndi tinyale, ndiponso pena poika kapu ya tiyi. Timafanito timathandizako pang'ono makina akale otentha msanga, koma timadya batire imene tiri kufuna kuisunga. Za kapu ya tiyi ndiye musaziyese n'komwe. Amene anaganiza zoika cakumwa pa thabwa limodzi ndi laputopu, pamwamba pa maondo a munthu, sanakhalepo m'nyumba mmene muli ana ndi nkhuku.

Nditaona mitengo yake, ndinaganiza kuti palibe cimene ciri pamenepa cimene mmisiri wa matabwa wa kwathu sangapange. Apa ndi pamene ndinalakwa ineyo, ndipo ndiulula kuti inu musabwereze. Ndinatumiza mau kwa mmisiri wa m'mudzi woyandikana nafe kuti apale thabwa la mlombwa, la masentimita 60 m'litali ndi 40 m'lifupi, ndi kuti likhale lokongola loti mwana akanyadire nalo ku koleji. Mkuluyo anagwira nchito yake bwino lomwe. Analipala, nalikwecha ndi sandipepa, nalipaka vanishi mpaka munthu kudzionapo nkhope. Koma linali locindikala masentimita awiri ndi theka, ndipo pa sikelo yogulira soya linatsala pang'ono kukwana makilogalamu 4. Kuonjezapo laputopu ya makilogalamu 2, mnyamatayo anali kufungata makilogalamu 6. Pa theka la ola miyendo inali itacita dzanzi. Ndiponso cifukwa ca kuterera kwa vanishi, tsiku loyamba lomwelo laputopu inatsetsereka, ndipo akadapanda kuigwira ndi cigongono mbuzi za ambuya zikadathera pa simenti.

Nditapitanso kumudzi ndinakadandaula kwa mmisiriyo. Iye anandimvetsera mpaka ndinatsiriza, kenaka anati, "Atolankhani, inu munaitanitsa citseko caching'ono, ndipo citseko ndi cimene ndinakupatsani. Mukadandiuza nchito yake ndikadakufunsani mafunso. Safunsa anadya phula." Ndinalibe poyankha. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi laputopuyo, iye naitembenuza, nayesa ndi tepi yake, nafunsa kumene mphepo yotentha imatulukira. Zimene ndiri kulemba m'munsimu zambiri zinacokera pa kukambirana kwa tsiku limenelo.

Yambani ndi kuyesa makinawo, musayerekeze ndi maso. Laputopu zimachulidwa ndi kukula kwa galasi lake, kuyesa copingasa kucokera ngodya ina kufika ina. Ya mainchi 14 imakhala ngati masentimita 33 m'litali ndi 23 m'lifupi, pamene ya mainchi 15.6 imafika masentimita 36 kapena 38 m'litali ndi 25 m'lifupi. Thabwa lipose pamenepo mbali zonse. La masentimita 50 ndi 33 likwanira ambiri ndipo lipatsa miyendo ufulu uja tanena. Ngati mwana amagwiritsa nchito mausi, kapena afuna poika kope pambali, lifike 60. Koma kumbukirani kuti wokhala pa mpando wa mikono ayese mpata wa pakati pa mikonoyo, kuopa kuti thabwa lingakanike kulowa.

Mtengo wake ukhale wopepuka. Pulaiwudi ya mamilimita 9 ndiyo inatikomera ife, cifukwa siipindika ndipo pa muyeso umenewu imalemera ngati kilogalamu imodzi cabe. Paini wopala mopyapyala ndi wabwinonso, ndipo amene ali ndi nsungwi zambiri angathe kuzing'amba ndi kuzikhomera pa mitanda iwiri, malinga pamwamba pakhale posalala. Musagwiritse nchito lata kapena thireyi ya citsulo. Citsulo cimalandira kutentha ndi kukupereka kwa munthu, ndipo n'cifukwa cake mthiko ndi cipande timasema za mtengo. Katoni imathandiza tsiku limodzi, koma imapindika pakati ndi kutseka timabowo tija.

Cinthu cimene mmisiriyo anaumirira ndi kamtanda kochinga. Cakumunsi kwa thabwa, mbali yoyang'ana pa mimba, anakhomerako kamtengo kotalika masentimita 25 ndi kokwera sentimita imodzi yokha, kuti laputopu ikhale ndi potsamira. Kakakwera kuposa pamenepo kamadinda m'manja polemba, tsono kakhale kofupika ndi kokwecha bwino m'mbali. Cakumtunda anaikako kamtanda kena ka masentimita awiri kokwezera kumbuyo kwa makina, kamene kamacita nchito ziwiri: kamakulitsa mpata wa mphepo, ndipo kamakweza galasi pang'ono kuti khosi lipumeko. Vanishi anapaka kamodzi kokha kuti thukuta ndi cinyezi zisalowe, napitanso ndi sandipepa pamwamba kuti pasaterere. Ngodya zonse anazizunguliza. Popeza timiyendo tiwiri ta mphira ta laputopuyo tinali titagwa kale, anadula tizidutswa ta patapata wakutha natimata ndi guluu m'malo mwake. Kumtunda anabowola kabowo kokolekera pa msomali, kuti thabwa lisamakhale pansi pamene ciswe ndi ana angalipeze.

Ndinamufunsa ngati sikukadakhala bwino kubowola mabowo ambiri pakati monga ndinaonera m'masitolo. Iye anandifunsa kuti kunsi kwa mabowowo kudzakhala ciani. Ndinati nchafu za mwana. Anaseka. Mabowo ali ndi phindu pa kathebulo ka miyendo, pamene kunsi kuli mphepo. Pa thabwa loika pa nchafu amatsekedwa ndi thalauzi, ndipo pamene sanatsekedwe amangotsegulira kutentha njira yopita pa khungu. Thabwa lathu tinalisiya losabowola.

Kunsi kwa thabwa ndi nchito ya amai osoka. M'masitolo amaikamo siponji kapena timikanda ta pulasitiki topepuka. Mlongo wanga anasoka timitsamiro tiwiri tatitali ta citenje, tonenepa ngati mkono wa munthu, natifutsa thonje la m'munda mwake atacotsa njere. Tiwiri ndi tabwino koposa umodzi waukuru, cifukwa pakati pamatsala njira ya mphepo ndipo munthu sacita thukuta. Anatimanga ndi zingwe kuti azitimasula pofuna kucapa. Mnansi wina analangiza zoikamo gaga kapena makoko a nshawa, koma zimenezo n'kuitana makoswe ndi anankafumbwe kuti adzagone pafupi ndi mawaya. Muyeso wa kucindikala kwa timitsamiroti ndi zigongono za mwini wake: atakhala mowongoka, mapewa ali omasuka, manja afike pa mabatani mikono itapindika ngati ngodya ya nyumba, dzanja losakhotera m'mwamba kapena pansi. Wamtali msana afunika tokulirapo, wamfupi tocepa.

Mmisiriyo atamva kuti zinthu zimenezi zimagulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka anadabwa kuti azungu ayamba liti kugulitsa matabwa wamba. Ndinamuuza kuti anayamba kale kompyuta isanaganiziridwe. Mu 1776, ku Philadelphia, Thomas Jefferson, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wacitatu wa dziko la America, analemba cikalata colengeza ufulu wa dzikolo pa kabokosi kolembera koika pa miyendo. Iye mwini ndiye anajambula maonekedwe ake, ndipo mmisiri wochedwa Benjamin Randolph ndiye anakapanga ndi mtengo wa mahogany. Kabokosiko kasungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya Smithsonian mu mzinda wa Washington. Mkuluyo anakondwa kumva kuti dzina la mmisiri silinaiwalike, nati iyenso ayamba kulemba lake kunsi kwa mipando.

Kufupi ndi kwathu kuno, ku South Africa, malemu Akibishopu Desmond Tutu, amene anamwalira mu 2021, anapereka dzina lake ku nchito yogawira ana a sukulu zosowa madesiki matabwa a pulasitiki oika pa miyendo, ochedwa Tutudesk, opepuka moti mwana anyamula kupita nalo kunyumba. Ndachula izi cifukwa thabwa limene tiri kukambali silisankha mwini. Pamene maphunziro aulere anayamba mu Januwale 2022, ana anadzaza m'makalasi kuposa madesiki amene analipo, ndipo m'caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, zina mwa izo n'kupita ku kupanga madesiki. Koma desiki imatsala ku sukulu. Kunyumba mwana amalemba nchito yake atagona cafufumimba pa mphasa kapena atapinda kope pa bondo, ndipo mawa mphunzitsi amamkalipira kuti zolemba zake ziri ngati mapazi a nkhuku. Zidutswa za matabwa zimene amisiri athu amatsala nazo popanga madesiki zikwanira kupangira mwana wotere polembera. Kwathu, mnyamata uja akaika laputopu m'cikwama, thabwa limapita kwa mng'ono wake wa Giredi 5, ndipo pakhala kale milandu iwiri yolimbirana.

Ndibwerezenso kuti thabwa si thebulo. Amene nchito yake ndi ya pa kompyuta tsiku lonse, monga mlembi kapena wophunzira amene ali kulemba nkhani yaitali ya mayeso, ayesetse kupeza thebulo ndi mpando, akweze laputopu pa mabuku kuti pamwamba pa galasi pafanane ndi maso, ndipo agule kiyibodi yapadera, imene mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi makinawo. Thabwa la pa miyendo ndi la ola limodzi kapena awiri. Ngakhale pamenepo, pakapita theka la ola aliike pambali, aimirire, akamwe madzi kapena akaone ngati mbuzi sizinalowe m'dimba. Madokotala a maso amalangizanso kuti pa mphindi 20 ziri zonse munthu acotse maso pa galasi ndi kuyang'ana cinthu ca patali, mamita 6 kapena kuposa, kwa masekondi 20. Wokhala pa bedi aike mtsamiro uja kumsana, kumene kuli malo ake. Ndipo pocaja batire usiku, laputopu igone pa thabwa, osati pansi pa bulangete kapena pa matiresi.

Mlungu watha mlongo wanga anandiimbira lamya. Akuti mnyamatayo anabwerera ku koleji ndi thabwa lake m'cikwama, ndipo makina sanazimenso okha. Mawanga a pa nchafu ayamba kuzimirira, ngakhale kuti akali kuoneka. Anzake atatu a m'cipinda cimodzi atumiza miyeso ya laputopu zao kwa mmisiri uja, ndipo mng'ono wake wa Giredi 5 walonjezedwa lake-lake nshawa zikagulidwa. Ndinafunsa za maina aja anali kuwerengedwa pa zala, koma mlongo wanga anati lamya siri kumveka bwino. Thabwa langa la mlombwa amai analitenga. Akuti amakandirapo ufa wa zitumbuwa za pa Sabata, ndipo sanaonepo thabwa labwino lotere.